Mtengo Wofufutidwa Pagalasi la Benzi

Chimene chinaulula nkhaniyi ndi kuzizira kwa mwezi wa Juni. Pakanapanda kuzizirako, bwenzi Mayi Elsie Chavula akuthokozabe Mulungu chifukwa cha Benzi yawo yoyera, ndipo bwenzi Bambo Peterson Chimphepo atamaliza tiyi wawo mwamtendere, monga amayenera munthu amene anayendetsa mabwana a boma zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Tiyiyo analinso wamkaka, chinthu chosowa panyumbapo. Mkakawo anagula ndi mwana wawo Aubrey, amene anati kaganyu kamugwera pamene makolo ake anali kumaliro.

Koma Lachinayi limenelo, kapu ili pakati, kunamveka mawu kuseri kwa mpanda.

"Bambo Chimphepo, tabwerani kuno pang'ono."

Anaika kapuyo pansi. Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri zimene mabanja awiriwa akhala moyandikana ku Kawale, mayiyu anali asanawaitanepo ndi dzina. Malemu Mcdonald Chavula anali bwenzi lawo la ponda apa nane ndipondepo, choncho mkazi wake ankawatchula kuti alamu, pamaliro ndi paukwati pomwe. Dzina la Chimphepo linali la pamakalata.

Anapeza Mayi Chavula ataima kutsogolo kwa galimotoyo, atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Benziyo inali itanyowa ndi mame, galasi lakutsogolo litachita nkhungu. Masiku onsewa inkagona yofunditsidwa lona, koma dzulo lake lonalo analichapa ndipo silinaume.

"Werengani apo," anatero mayiwo.

Pakona yakumwamba, mbali imene amakhala wokwera, nkhunguyo inali italambalala manambala awiri akuluakulu: 41.

"Mtengo wake ndi umenewo," anatero Bambo Chimphepo akumwetulira. "Abdullah, mwini yadi yogulitsira magalimoto, analemba yekha ndi polishi wa nsapato ine ndili pomwepo. Ndinamugwetsa kuchoka pa mamiliyoni 60, alamu. Ndimati ndikamaliza tiyi ndibwere ndikufotokozereni."

"Ine ndinalipira 52."

Bambo Chimphepo anayang'ananso pagalasi paja.

Mayi Chavula anafotokoza osakweza mawu, ndipo kufatsako n'kumene kunkaopsa. Lachinayi lapitalo, pokwera minibasi ya ku Ntchisi kumaliro a malume awo, Bambo Chimphepo anawaimbira foni n'kungoti: tagwirizana, mtengo uli pagalasi, mundidikire. Nambala sanaitchule, pajatu iwo nkhani ya ndalama sanenera pafoni chifukwa m'minibasi mumakhala makutu ambiri kuposa anthu. Ndiye Lachisanu m'mawa kunaimba munthu wina dzina lake Kings. Anati ndi wa payadipo, ndipo bwana wina wa ku Area 43 akubwera ndi ndalama nthawi ya 2 koloko, choncho ngati mayi akuifuna galimotoyo afike dzuwa lili paliwombo. Anayesa kuimbira alamu awo, foni osalowa. Atafika ku Biwi anapeza pagalasi palembedwa 52.

"Anati mamiliyoni 41 ndilipire kubanki m'dzina la yadi. Khumi ndi imodzi yotsalayo ndimupatse pamanja. Akuti ndi ya mapepala komanso ya Bambo Chimphepo, monga munapangana."

"Monga ndinapangana ndi ndani?"

"Funso limenelo ndi langa, osati lanu." Mayiwo anakoka chitenje chawo. "Ndalama imeneyi ndi thukuta la mnzanu. Ndinati ndigule galimoto yonyamula akwati kuti ndisamavutitse ana. Ndinatuma inu chifukwa mu Lilongwe muno ndinalibe wina womukhulupirira. Sindinauze munthu, ngakhale ana anga. Ndikudikirani mpaka Lamulungu. Likadutsa ndipita kupolisi, ndipo kwa akulu ampingo ndipita ndekha."

Zinawapweteka Bambo Chimphepo. Apolisi sankawaopa. Chinawabaya n'choti mkazi wa Mcdonald ankawayang'ana m'maso ndipo zimene ankanenazo ankazikhulupirira. Iwo analibe munda m'tauni, analibe nyumba ya lendi, analibe ngakhale njinga yamoto. Chimene anatuluka nacho m'boma ndi dzina basi, ndipo dzinalo linali litatsala ndi masiku atatu.

Dzuwa litangomenya galasi, manambala aja anayamba kuzimirira iwo akuona.

* * *

Yadi ya Abdullah inali ku Biwi, pakati pa mashopu a zitsulo zamagalimoto. Pamene panaima Benzi ija panali patatsala chigamba cha udzu wachikasu.

Udzu umenewu ndi umene unawathandiza Bambo Chimphepo sabata yapitayo. Galimotoyo inali itakhala pamenepo mvula ziwiri. Abdullah anaiitanitsa kunja ikadali yamakono, koma kwacha itagwa anthu andalama anabweza manja m'matumba, ndipo pamene anayambanso kugula kunali kutabwera mtundu wina wa magetsi osongoka. Palibetu bwana amene amafuna kuonekera m'galimoto ya dzana. Koma akwati sasamala zimenezo, iwo bola ikhale yoyera, yaitali, ndiponso yokongola pachithunzi.

Bambo Chimphepo anapitako katatu. Ulendo woyamba Benziyo sanaiyang'ane n'komwe, anataya ola lathunthu akugogoda matayala a lole imene analibe nayo ntchito. Ulendo wachiwiri anafunsa mtengo ngati munthu wofunsa njira, atamva 60 anaseka n'kumapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wachitatu, Lachitatu, ndi pamene anavula jekete n'kugwada pansi. Anamuonetsa Abdullah udzu wofera pansi pa galimoto, chisa cha mavu kuseri kwa tayala, ndi timanambala tinayi ta pamphira tonena chaka chimene tayalalo linapangidwa. Anapempha makiyi, injini inangoti kete, batire litafa kalekale.

"Galimoto yoima imadya mwini wake," anatero tsiku limenelo. "Chaka chamawa mudzandipempha 30, ine n'kukana. Lero ndikupatsani 35."

Abdullah anagwira pamtima nafunsa ngati abwera kudzamunyoza pamaso pa antchito ake. Anatsika kufika pa 55. Bambo Chimphepo anavala jekete, mtengo unafika pa 48. Anayamba kuwerenga ndi zala: matayala anayi atsopano, batire, mafuta onse a mu injini, mphira zouma ndi dzuwa. Unafika pa 44. Apa anavala chipewa, natsanzika mwaulemu, natuluka pageti osacheuka. Abdullah anawapeza pasiteji ya minibasi, akupuma wefuwefu, patapata wina atatsala m'njira. Anagwirana chanza pa 41.

Lero Abdullah anawalandira ndi manja awiri.

"Che Chimphepo! Mwabwera kudzandimaliza? Nditsekeretu magalimoto otsalawa?"

Atamva nkhaniyo chimwemwe chonse chinatha. Anawapatsa mpando, iye n'kukhala paboneti ya galimoto ina.

"Wallahi, ine ndinalandira 41. Uthenga wa kubanki uli mufonimu, onani nokha. Payadi pano lamulo ndi limodzi: mtengo umene ndalemba ndi dzanja langa titagwirana chanza umadikira mwini wake sabata yathunthu. Angabwere wina ndi 50, sindifufuta."

"Lachisanu masana munali kuti?"

"Funso lanji limenelo, Che Chimphepo? Lachisanu masana Msilamu amakhala kuti? Ndimatuluka 12 koloko, ndimabwera 2 koloko. Biwi yonse imadziwa, ngakhale agalu. Pobwera ndinapeza ndalama yalowa, galimoto yatsukidwa, Kings akuti wogula wa a Chimphepo uja walipira. Mayi uja anali atakhala kale pampando apo. Ndinapereka makiyi ndi mapepala, ndinathokoza."

"Kings ndi wantchito wanu?"

"Wanga? Uja ndi dobadoba. Amalumikizitsa wogula ndi wogulitsa, iye n'kudyapo pakati. Amatera paliponse pamene panunkha ndalama. Ine ndimayesa mwamutuma ndinu."

"Ndiye munamuuza kuti wogula ndi Mayi Chavula."

Abdullah anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ndikanamuuza bwanji? Inu dzinalo simunandiuze. Munangoti mayi wina wamasiye."

Zinali zoona. Bambo Chimphepo anabisa dzinalo dala, poopa zomwezi.

"Mufunse Saida," anatero Abdullah. "Ine ndikakhala kumzikiti, maso a payadi pano ndi iyeyo."

* * *

Saida anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wamanja olimba ndi sopo, amene ankatsuka magalimoto payadipo. Sanasiye ntchito yake chifukwa cha mlendo. Ankayankha akukhuta ndowa.

"Anabwera awiri. Kings ndi wina."

"Winayo mumamudziwa?"

"Ayi. Anavala kepu ndi chotseka pamphuno, ngati wachimfine. Ine ndinali kuseri uko ndikudya mbatata."

"Anachita chiyani?"

"Anafufuta 41. Analemba 52 mbali ya dalaivala. Ine ndimati bwana asintha maganizo. Galimoto itagulidwa ndinafufuta 52 yoyo. Ine ndimafufuta chimene ndikuona, abambo."

"Wamtali? Wamfupi?"

"Msinkhu ngati wanuwu. Koma si wa m'mayadi ameneyo."

"Mwadziwa bwanji?"

Apa Saida anaweramuka, nawayang'ana ngati afunsa za chibwana.

"Polishi timachotsa ndi petulo. Ali ndi mafuta. Ukapukuta ndi madzi amaoneka ngati wachoka, koma amatsalira pagalasi. Ku Biwi kuno ngakhale wogulitsa mandasi amadziwa zimenezo. Botolo la petulo linali apo, iye osaligwira. Anatulutsa nyuzipepala m'thumba. Anaipinda kanayi, bwinobwino, ngati kalata. Anainyowetsa pampopi, napukuta mozungulira. Kenako anatenga ina youma. Pomaliza anadzutsa mawaipa n'kupukuta mphira zake ndi kansonga kotsala. Ndinaseka ndekha. Munthu akubwera kudzasintha mtengo, koma akupukuta ngati galimoto ya nduna."

Bambo Chimphepo anafuna pokhala koma panalibe. Anagwira chitseko cha galimoto imene mayiyo ankatsuka.

"Mwatani, abambo? Shuga?"

"Ayi, mayi. Dzuwa."

Kunalibe dzuwa loti n'kugwetsa munthu. Kupinda kanayi, yonyowa kenako youma, mawaipa pomaliza: umo ndi mmene iwo anapukutira magalasi a boma m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu. Ndipo pamoyo wawo wonse anaphunzitsapo munthu mmodzi yekha, ali wamng'ono, atamuimika pandowa yovundikira kuti afikire.

Anadzikalipira okha akutuluka pageti. Madalaivala akale a boma analipo mazanamazana, onse ankapukuta ndi nyuzipepala, ndipo onse anabereka. Munthu sungamange mwana wako chifukwa cha mapindidwe a pepala.

Komabe anapita kukasaka Kings.

* * *

Bambo Chimphepo anamupeza Kings kuseri kwa mashopu, pamthunzi wa malata pamene anthu amasewera pulu. Anali bambo wonenepa, wa unyolo m'khosi ndi mafoni awiri m'manja, wa mtundu uja umene umakupatsa moni maso ali pathumba lako.

"Madala, bho? Mukufuna galimoto? Ndili ndi kanthu kabwino, kangolowa kumene."

"Ndine Chimphepo."

Ndodo ya pulu inaima m'malere. Kenako Kings anaseka.

"Chimphepo wake uti? Mu Lilongwe muno maina ndi ambiri, madala."

"Amene unauza mayi wamasiye kuti ndadya nawe mamiliyoni khumi ndi imodzi."

"Ine? Lachisanu ine ndinali ku Mchinji, funsani aliyense pano."

"Ndatchula Lachisanu ine?"

Anzake aja anayamba kuyang'ana kumbali. Kings anawakokera Bambo Chimphepo pakona, mawu atatsika.

"Tamverani, madala, tisapange phokoso. Dilu ndi dilu. Mayi uja anaona mtengo, anavomera, analipira. Palibe anamugwira pakhosi."

"Lamulungu likadutsa akupita kupolisi. Nkhope imene akuidziwa ndi yako. Nambala imene inawaimbira ndi yako. Dzanja limene linalandira chikwama ndi lako. Saida anakuona, Abdullah anakuona. Mnzako uja anabisa nkhope, iwe unaionetsa. Tandiuza, wochenjera ndani pa awirinu?"

Kings anapukuta thukuta pamphuno ngakhale kunkazizira.

"Ine ndinangodyapo mita imodzi, madala. Miliyoni imodzi yokha, ndikulumbira. Khumi zonse zinapita kwa mwini dilu. Ine ndinangobwereka pakamwa."

"Mwini dilu ndani?"

"Aaa, zimenezo ayi. Ine sindigulitsa mnzanga, mawa ndidzadya kuti?"

"Ndiye ukagona wekha m'chitokosi."

Bambo Chimphepo anatembenuka, monga anachitira pageti pa Abdullah. Njira imeneyi sinawagwiritsepo mwala. Asanaponde kachitatu, Kings anawagwira jekete.

"Madala, inu ndi munthu wamkulu, ganizani. Nambala ya mayi uja ine ndinaitola pamsewu? Zoti simunawauze mtengo, ine ndinalota? Zoti muli kumudzi kopanda netiweki mpaka Lachitatu, anandiuza ndi mzimu? Mukuvutikiranji kusaka ku Biwi kuno?" Anasiya jekete lija. "Funsani amene munadya naye mgonero tsiku limene munagwirana chanza ndi Abdullah."

* * *

M'minibasi yobwerera ku Kawale, Bambo Chimphepo anakumbukira mgonero umenewo, ndipo anachita manyazi. Anadzitama tsiku limenelo. Munthu amene sanena za ndalama pafoni anazinena zonse patebulo, mpaka kuyerekeza mmene Abdullah ankathamangira ndi patapata mmodzi. Ananenanso kuti alamu sawauza msanga, akufuna adzaone nkhope yawo akamva 41. Omvera anali awiri. Mkazi wawo Veronica anapita nawo ku Ntchisi m'mawa mwake, ndipo anali akadali komweko. Winayo, Aubrey, anatsala panyumba.

Koma dobadoba akapanikizika angathe kunamizira ngakhale mayi ake omubereka. Bambo Chimphepo anafuna kuona ndi maso awo.

Atafika kunyumba anamupeza Aubrey pakhonde akusewera ndi foni. Anali mwana wawo yekhayo wamwamuna, wa zaka 31, wa digiri imene inali m'felemu pabalaza chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano. Anali waulemu, ndipo anthu a mumzerewo ankati ukafuna kuona Peterson ali mnyamata uyang'ane Aubrey.

"Mwaswera bwanji, adadi? Mwachoka osamaliza tiyi."

"Ndinali ndi kaulendo. Paja Lachisanu unati unali kuti?"

"Ku Kanengo, ku intaviyu ija. Ndinakuuzani. Tinakhala pamzere mpaka madzulo."

"Eya, unanenadi. Benzi ya Mayi Chavula unaionapo isanabwere kuno?"

"Ayi. Ndangoiona pano, yofunditsidwa lona. Bwanji?"

"Palibe. Akudandaula kuti pagalasi patsala polishi wa kuyadi, ndipo Loweruka ili ndi akwati oyamba. Msana wangawu sukundilola. Tiye ukawapukutire."

Aubrey anadzuka msanga, msanga kuposa mmene ankadzukira akatumidwa. Analowa m'nyumba natuluka ndi nyuzipepala yakale.

Mayi Chavula anali pakhonde pawo akusoka maliboni. Anayankha moni wa Aubrey, wa bambo ake anangougwedezera mutu. Benziyo inali padzuwa la madzulo, galasi lili mbee. Panalibe kadontho, panalibe kamzere. Munthu wosadziwa akanaima n'kufunsa kuti polishiyo ali pati.

Bambo Chimphepo anapemphera chamumtima kuti mwana wawo afunse. Anali asanapemphepo chinthu chaching'ono chotero kwa Mulungu.

Aubrey sanafunse. Anang'amba tsamba, nalipinda kanayi, nalinyowetsa pampopi. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto, nadutsa mbali ya dalaivala osaiyang'ana, nakaima mbali ya wokwera. Anadzitambasula n'kuyamba kupukuta pakona yakumwamba, mozungulira, mwamphamvu, pamalo pamene panalibe kanthu kooneka.

Singano ya Mayi Chavula inaima.

"Aubrey," anatero bambo ake. "Ukupukuta chiyani pamenepo?"

"Polishi uja mwanena."

"Ali pati? Tandilozera."

Aubrey anayang'ana galasi, nayang'ana dzanja lake. Madzi ankatsika pang'onopang'ono kuchoka panyuzipepala.

"Ndangoyambira pano basi."

"Galasi timayambira mbali ya dalaivala. Ndinakuphunzitsa ndine, ndipo sunaphonyepo. Lero wayambira pamene Abdullah analemba 41, pagalimoto imene ukuti sunaione ili payadi. Amene tikudziwa malo amenewo ndi ine, Abdullah, Saida, mayi awa, Kings, ndi munthu amene anafufuta. Ukanathira petulo sitikanadziwa. Koma iwe unapukuta ngati mwana wanga."

Kumsewu kunadutsa wakabaza akuliza belu.

Mayi Chavula anatsika pakhonde, maliboni akugwa pamiyendo pawo.

"Aubrey, iwe? Ndinkakubereka kumbuyo ine popita kusikelo mayi ako akudwala. Mcdonald ndiye anakugulira sutikesi yopitira kukoleji. Pamaliro ake unanyamula nawo bokosi."

Aubrey sanawayang'ane. Anatembenukira kwa bambo ake, ndipo ulemu wonse uja unali utachoka pankhope.

"Sindinawabere, adadi. Iwo anali okonzeka kulipira ngakhale 55, munanena nokha. Ine ndinangotola pamene inu munataya. Mwagwetsa mamiliyoni 19 ndi pakamwa panu, mwagwada m'fumbi, mwayenda maulendo atatu pa thiransipoti yanu. Mukanalandira chiyani? Zikomo ndi kapu ya tiyi. Mu Lilongwe muno aliyense amadya pa dilu, inu nokha ndiye mumagwira yaulere. Zaka makumi atatu mukutsegulira anthu zitseko, anzanu anamanga ku Area 25, inu munabwera ndi chiyani? Ine ndili ndi zaka 31, ndimagona m'chipinda chimene ndinakulira. Dzina timadya?"

"Ndiye unagulitsa langalo."

"Ndimati ndigule kagalimoto ka takisi, ndikayamba kupeza ndidzabweza. Palibe akanadziwa."

"Unauza Kings kuti atchule ine."

Aubrey anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa. Unamuuza kuti anene kuti ndalamayo ndi ya Chimphepo?"

"Akanapanda kumva dzina lanu sakanapereka."

Mawu amenewa ndi amene anawathyola Bambo Chimphepo. Kuba akanakumvetsa, njala ya mtauni imapengetsa anthu. Koma mwanayu ankadziwa bwino lomwe kulemera kwa dzina limene ankalinyozalo. Analiyeza, naona kuti lingatsegule chikwama cha mayi wamasiye, nalitenga ngati kiyi wopachikidwa pamsomali. Kenako anagula mkaka, nawaonerera akumwa.

Mayi Chavula anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anayandikira, nagwada pang'ono monga amachitira kwawo ku Rumphi polankhula ndi munthu wamkulu.

"Alamu, ndikhululukireni. Ndinakuganizirani zoipa, ndachimwa. Nkhaniyi ithere pompano. Abweze zimene zatsala, kupolisi sindipitako, kumpingo sindikanena. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Dzina lanu layera, alamu."

M'mawa uja Bambo Chimphepo akanapereka chilichonse kuti amve mawu amenewa. Tsopano anawamva, ndipo sanawathandize kanthu. Anayang'ana mwana wawo, msinkhu wawo womwe, mapewa awo omwe, pepala lopindidwa kanayi lili m'dzanja.

"Layera bwanji, alamu? Uyunso ndi Chimphepo."

Anatambasula dzanja natenga nyuzipepala ija kwa Aubrey, naifinya madzi, naiika m'thumba la jekete kuti akaionetse kupolisi. Dzuwa linali litayamba kupendeka, ndipo kamphepo ka Juni kanali katayambanso.

"Kavale juzi," anatero. "Kumene tikupitako kumazizira."